Naini Pamwamba, Sikisitini Pansi

Dora anali kumanga dengu pa kaliya wa njinga pamene mawu aja anayambanso pakhonde.

"Naini... sikisitini."

Sanacheuke msanga. Anamaliza kaye kukoka mphira, n'kuipiringiza bwinobwino, kenako ndi pamene anayang'ana mwamuna wake. Hamilton Nkhoma anali pampando wake wa masiku onse, bulangete pamiyendo, dzanja lamanja lili lende pambali ngati la munthu wina. Lamanzere ndilo anatambasula, chikhatho kumwamba, zala zikukodola.

"Batate ba Bridget, mufuna chani?" anafunsa Dora. "Tiyi mwamwa, mankhwala mwamwa. Manje chasala n'chani?"

"Naini... sikisitini."

Dora anatenga kapu ya madzi n'kuika m'dzanjamo. Hamilton sanaiyang'ane n'komwe. Anangopendeketsa chikhatho, kapu n'kugwa, madzi n'kukhuthukira pa chitenje cha mkazi wake. M'dzanja limeneli Dora anali ataikamo kale supuni, mpango, chipewa, mbatata yootcha, ngakhale dzanja lake lomwe. Zonse zinkakanidwa chimodzimodzi, koma tsiku la dzanja lija ndi limene anakalirira kuseri kwa nyumba.

Amene anamudziwa Hamilton ali bwino sakanakhulupirira. Anali fita ku fakitale ya nsalu, wodzutsa makina akaima, ndipo pakamwa pake sipankapuma. Ukakwera naye minibasi pa Kafue, unkafika ku Lusaka utamva mbiri yonse ya makolo ake kuyambira tsiku limene anachoka ku Mchinji. Ndiye zinabwera zaka zija za m'ma 1990, boma litatsegula zitseko kuti katundu wakunja azilowa mwaufulu. Salaula, zovala zakale zochokera kunja, inadzaza msika, makina a nsalu anayamba kukhala chete amodziamodzi, ndipo antchito anauzidwa kuti akapume kunyumba. Anzake anabalalika, ena kumigodi, ena kumidzi. Iye anatsala, akuzungulirazungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna poikira, mpaka m'mawa wina anagwa pampopi. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Inatenga mbali ya kumanja, n'kutenganso mawu onse, ndi dzina la mkazi wake lomwe.

Mawu atabwerera, anabwerera awiri okha, komanso a Chingerezi. Kuwerenga m'Chingerezi sikudabwitsa munthu ku Kafue. Ngakhale nkhalamba yogulitsa tomato, imene sinaonepo m'kati mwa kalasi, imati faifi, sikisi, seveni, ndipo zoti "zisanu ndi zinayi" umazimva m'tchalitchi mokha. Koma kuti munthu wamkulu, mwini khomo, azingoti naini sikisitini m'mawa uliwonse, izo zinapatsa anthu ntchito. Akulu a mpingo anabwera n'kuimba nyimbo nambala naini, n'kuimbanso nambala sikisitini, Hamilton akungowayang'ana ngati akumusokosera. Nelly, mnzake wa Dora pa malonda a nsomba, anakaika manambalawo pa lotale, ndipo ataluza anati vuto n'loti manambala ndi ochepa, adikira kuti wodwala awonjezere. A Enock, akulu ake a Hamilton, amene anabwerera kalekale kumudzi ku Mchinji, sanavutike ndi zonsezo. Atangofika n'kumumva, anati mutu wasokonezeka, basi.

"Mlamu, mwadzimveratu nokha," anatero a Enock m'mawa umenewo potuluka m'nyumba. "Munthuyu watsala theka, theka linalo tinaika kale. Inu muzifa ndi njinga, mubwere mudzafenso ndi wodwala? Mutu umodzi susenza denga. Kumudzi kuli alongo ake, kuli ine. Mawa tinyamuka monga tinapanganirana."

"Namvela, ba mulamu."

"Ndipo bokosi la zitsulo lija mulitulutse lero. Lastone wa minibasi wati likakhala lake, atitenga mpaka pokwerera mabasi ku Lusaka, wodwala atagona bwinobwino pampando wakumbuyo. Akungofuna kudziwa ngati masipanala ake ndi a mainchi kapena a mamilimita. Akuti galimoto za ku Japan zadzazazi sizimva za mainchi."

A Enock sanali munthu woipa. Anali atasiya munda wawo n'kuyenda ulendo wonsewo chifukwa cha mng'ono wawo, ndipo zimene ankanena zinali zoona. Dora sankadziwa ngati mwamuna wake ali ndi njala, ngati penapake pakupweteka, kapena ngati akumudziwa n'komwe kuti iyeyu ndi ndani. Ankamusiya m'mawa m'manja mwa aneba, n'kumupeza madzulo ali pomwepo. Anavomera za ulendowo, ngakhale ankadziwa kuti munthu wowoloka malire ali chigonere sabwereranso. Chimene chinkamuchititsa manyazi n'chakuti pansi penipeni pa mtima, kachigawo kena kanali katapuma.

Anakankha njinga. Kumbuyo kwake mawu aja anakwera, ndipo chidendene chamanzere cha Hamilton chinayamba kumenya simenti. Ankatero nthawi zonse Dora akamatuluka pageti, ndipo Dora ankati ndi mkwiyo wa munthu wosafuna kusiyidwa. Sanacheuke.

Njira ya ku Chanyanya, kumene asodzi amakocheza mabwato, si ya munthu wa maganizo ambiri. Popita zinayenda. Pobwerera, dengu litadzaza nsomba, mahandulo anayamba kunjenjemera m'manja kuposa masiku onse.

"Iwe Dora, njinga yako ivina chani so?" anafunsa Nelly, amene ankapalasa pambuyo pake. "Monga yamwa kachasu."

"Ni museu uyu. Mabampu."

"Museu ni umozi. Nanga yanga siivina bwanji?"

Dora asanayankhe, gudumu lakutsogolo linapotokera kumbali, njinga n'kumutaya mumchenga. Nsomba zinamwazika mpaka m'udzu. Bondo linasupuka, magazi n'kusakanikirana ndi fumbi. Nelly anatsika, n'kuyamba kutola nsombazo akuzipukuta pa chitenje chake.

"Mailo bayenda zoona, bamuna bako?" anafunsa osamuyang'ana.

"Bayenda."

"Manje ine manamba yanga nizayatenga kuti? Nenze pafupi kuwina."

Dora anaseka, ndipo kusekako kunathera m'misozi, atakhala pansi pakati pa msewu. Nelly anamusiya alire. Kenako anathira nsomba zonse m'dengu lake, nati akazigulitsa yekha kumsika, Dora apite akalongedze za wodwala.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka, akutsimphina. Anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango, pamene ankaisiya masiku onse, moyang'anana ndi khonde. Hamilton anayang'ana bondo lija, n'kuyang'ana njinga, n'kuyang'ananso bondo. Mbali yamoyo ya nkhope yake inakwinyika, ndipo msozi unatsika. Ananena manambala ake aja motsitsa, ngati munthu amene watopa kugogoda pachitseko.

Bokosi linali pansi pa bedi, lachitsulo, lobiriwira, ndipo kiyi wake anali m'thumba la ovololo. Dora anali asanalitsegulepo chikwatiwire. Hamilton ankatha kukubwereka malaya ali pathupi, koma sipanala ayi. Lamulungu lililonse akachoka kutchalitchi ankalitulutsa yekha, n'kuzungulira njinga yake, apa kumanga, apa kuthira oilo, uku akukamba za mpira ndi za ndale. Njingayo Dora anayamba kuikwera mwiniwake atadwala, ndipo kuyambira pamenepo inali isanakhudzidwe ndi chitsulo.

Analitsegulira m'nyumba dala, kuti mwiniwake asaone katundu wake akupita. Fungo la oilo linadzaza chipinda. Masipanala anali atagona pa nsalu yakuda, aliyense pamalo pake, kuyambira kakang'ono ngati chala cha mwana mpaka chachikulu ngati mkono.

"Lastone wati mukaona manambala awiri okhala ndi kamzere pakati, ndiye kuti ndi mainchi," anatero a Enock ataima pakhomo. "Ine maso anatha. Muitaneni wa sukuluyo."

Bridget, mwana wawo mmodzi yekhayo, anali mu giredi seveni, ndipo masiku amenewo m'nyumba munalibe mtendere ndi Chingerezi chake cha mayeso. Chiyambireni nkhani ya ulendo wa bambo ake ankangokhala ndwii, koma kuwerenga mokweza sakanakukana. Anagwada pa mphasa, natenga sipanala imodzi, naipukuta ndi chala.

"Ni mainchi, amai. Onani, faifi pamwamba, kamzele, eiti pansi."

"Ndiye faifi na eiti," anatero Dora. Iye sukulu anailekera panjira, ndipo za magawo ankadziwa hafu ndi kota, za ku butchala.

"Iyayi, si manamba yabili, ni namba imozi. Ba ticha bakamba ati osakamba five over eight monga uli pa maliketi. Ufunika kukamba five-eighths. Lilime pakati pa meno, so." Anaonetsa, ndipo timalovu tinafika mpaka pa nsapato za a Enock.

"Chingerezi cholavula ichi," anatero a Enock akubwerera m'mbuyo. "N'chifukwa chake azungu amayenda ndi mipango."

Bridget anaseka koyamba sabata imeneyo. Anabwerera kumayambiriro a mzere, nayamba kuwatchula mmodzimmodzi monyadira, monga amachitira pamaso pa aphunzitsi.

"One quarter. Five-sixteenths. Three-eighths. Seven-sixteenths. One half." Anatenga yotsatira, naipendeketsa kuti kuwala kugwere pa manambala. "Nine-sixteenths."

Anacheukira kuchitseko. Kunja pakhonde, kudzera pachitseko chotsegula, mawu anayankha.

"Naini... sikisitini."

Dora anawerama msanga. Analanda chitsulocho m'manja mwa mwana wake. Manambala anali pamenepo, ozokotedwa m'chitsulo, akuda ndi oilo wakale: 9/16. Ndiye anakumbukira. Kale, ali mtsikana wongokwatiwa kumene, anamupititsirapo Hamilton chakudya ku fakitale tsiku lina makina atafa, ndipo mlonda anamulola kusuzumira pakhomo. Phokoso la makina ena linali logonthetsa m'khutu. Mwamuna wake sanamuone nkhope, anangoona miyendo itatulukira pansi pa chimakina, ndi dzanja limodzi litatambasuka, chikhatho kumwamba, zala zikukodola. M'phokoso lotero fita sapereka moni, sapempha, satchula dzina la munthu. Amangokuwa nambala, womuthandiza n'kumenyetsa chitsulo m'dzanjamo.

Dzanja lake linali lomwelo. Linakhala likumuitana m'mawa uliwonse, iye n'kumaikamo mbatata.

Anatuluka, sipanala ili m'manja. Hamilton anali atatambasula kale dzanjalo, maso ali kutsogolo. Dora sanaiike sipanalayo mwaulemu monga ankaikira kapu. Anaimenyetsa m'chikhatho, phaa, monga anaonera tsiku lija.

Zala zinatseka.

Hamilton sanaiyang'ane. Chala chake chachikulu chinangoyenda pakamwa pa sipanalayo, ngati munthu wopapasa nkhope ya m'bale wake, ndipo anapuma mpweya wautali. Kenako anaikweza, naloza nayo pa mtengo wa mango.

"Mlamu, musamutopetse," anatero a Enock, koma mawu awo analibe mphamvu.

Dora anabweretsa njinga, naikweza pakhonde, naiimika pafupi ndi mpando. Hamilton anawerama mpaka Bridget anachita kumugwira paphewa kuti asagwe. Anapititsa sipanala pa nati yomanga gudumu lakutsogolo, mbali imene inkayang'ana kukhonde njinga ikatsamira pamtengo. Inalowa ndendende, osatsala mpata ngakhale wa tsitsi. Koma sanakoke n'komwe. Sipanala itangoikhudza, natiyo inazungulira yokha, n'kugwa pa simenti, n'kugubuduka mpaka kukaima pa phazi la Dora.

Dora anakweza mahandulo pang'ono, ndipo gudumu linalendewera kumbali ngati dzino logwedera. Anaganiza za mtsetse wa pafupi ndi njanji, pamene ankatsika mothamanga ndi dengu lodzaza. Anaganiza za malole a mumsewu waukulu, amene amadutsa munthu mphepo yake n'kumukankha. Miyezi yonseyi moyo wake unali pa kachitsulo kochepa ngati ndalama, kakumasuka pang'onopang'ono, ndipo m'Kafue monse amene anakaona anali munthu mmodzi, wokhala pampando, amene onse ankati mutu wake unapita. Anakaona ali patali, n'kudziwa ndi kukula kwake komwe. Analibe mawu oti "gudumu," analibe oti "usakwere," analibe ngakhale oti "Dora." Anafufuza m'mutu mwake mmene munapsa ngati tchire, n'kupeza manambala awiri atatsala, ndipo anawanena m'mawa uliwonse osatopa. Dora anachita mantha, mantha ngati a m'tchalitchi, oona chinthu chachikulu chimene unakhala nacho pafupi osachidziwa.

A Enock anavula chipewa.

"Wamisala anaona nkhondo," anatero chapansipansi. "Ife a nzerufe tinali kuimba nyimbo."

Dora anatola nati ija, naibwezera ndi zala. Hamilton anaikanso sipanala, nakoka, koma chitsulo chapakati pa gudumu chinkazungulira limodzi ndi nati. Anatsonya. Kutsonyako Dora anakudziwa, kunali kwa Lamulungu masana. Hamilton anamuyang'ana m'maso, n'kuloza ndi chibwano mbali ina ya gudumu.

"Bafuna mugwile kwinaku, amai," anatero Bridget. Anathamangira m'nyumba, n'kubwera akukoka bokosi lonse. Anapeza sipanala ina ya nambala yomweyo, ya mutu wozungulira, napatsa mayi ake. Dora anagwada, bondo losupuka lija osalimvanso, nagwira nati ya mbali inayo ndi manja awiri. Mwamuna wake anakoka ndi dzanja limodzi, mitsempha itatuluka pakhosi, ndipo Dora anamva mphamvu yake ikudutsa m'chitsulo kufika m'manja mwake. Gudumu linaima chilili.

Hamilton anabweza sipanala, koma dzanja silinabwerere pamiyendo. Maso ake anali atakwera kale pa kaliya.

"Seveni... sikisitini."

Bridget anagwira pakamwa. Kupatula awiri aja, anali mawu atsopano oyamba chidwalire.

"Ni iti?" anafunsa Dora, akupapasa m'bokosi. "Bridget, nionese."

"Seveni pamwamba, amai. Iyo, yaing'ono pang'ono."

Zitatero manambala anayamba kutuluka motsatana. Anamanga kaliya. "Hafu inchi." Anamanga chishalo. Aneba anayamba kusonkhana kumpanda, koma palibe amene analowa kapena kufunsa. Anangoima n'kumaonerera, monga anthu amaimira poona mtsinje utadzaza. Nambala iliyonse inkatuluka movutikira, ngati akuikoka m'chitsime, koma ikatuluka inkakhala yolondola, ndipo sipanala inkalowa.

"Faifi... eiti," anatero pomaliza, akuyang'ana pakhosi pa mahandulo.

"Five-eighths, atate," anawakonza Bridget monong'ona, lilime pakati pa mano. Anachita mwachizolowezi, ndipo atazindikira anazizidwa.

Hamilton anamuyang'ana mwana wake nthawi yaitali, monga fita amayang'anira munthu wa mu ofesi. Kenako mbali imodzi ya pakamwa pake inakwera m'mwamba, chifuwa n'kuyamba kugwedezeka. Ankaseka. Dora anali ataiwala kuti phokosolo limamveka bwanji.

Njinga itatha, Dora anakhala pansi pa sitepe, sipanala yoyamba ija ili m'manja, akuitembenuza.

"Manje ni chani kwenikweni, naini sikisitini?" anafunsa. "Niuze bwino, monga ba ticha."

Bridget anatenga kamtengo, najambula mzere padothi. Anati umenewo ndi inchi, ngakhale yeniyeni ndi yaifupi ngati nsonga ya chala. Anaudula pakati, nadulanso zigawozo pakati, n'kumangodula chotero mpaka timagawo tinakwana sikisitini.

"Namba yapansi ikamba mwamene mwachidulila chintu. Yapamwamba ikamba vamene mwatenga. So apa mwatenga naini." Anawerenga ndi kamtengo, nasiya chizindikiro.

"Hafu ili pati?"

"Apa, pa eiti."

Dora anayang'ana mzerewo nthawi yaitali. Sanadziwe kuti inchi, kanthu kakang'ono chotero, anthu anakhala pansi n'kukagawa, kagawo kalikonse n'kukapatsa dzina lake, ndi kuti mayina onsewo mwamuna wake anawanyamula m'maso zaka zonsezi, akudya naye mbale imodzi.

A Enock anakhosomola. Anali atakhala pa mpando wina, chipewa chili pabondo.

"Mlamu, zimene ndaona lero ndidzazikamba mpaka kufa. Koma tisanamizane. Manambala sasambitsa munthu. Mimba ikamupweteka, adzatchula nambala yanji? Lastone abwera m'mawa."

Funsolo linali lolemera. Dora anayang'ana mwamuna wake. Hamilton anali atakoka bokosi ndi phazi lamanzere mpaka pansi pa mpando wake, n'kuliponda.

"Ba mulamu, mwabwela kutali, ndipo nayamikila," anatero potsiriza. "Koma miyezi yonse iyi benze kukamba na ine. Wamene sanali kumvela ndine. Kumunzi kuli ndani wamene azabapasa sipanala? Bazabapasa kapu ya manzi, monga ine."

"Ndiye mukuti bwanji?"

Dora analoza mzere uja padothi ndi chala chakuphazi.

"Munakamba ati basala hafu. Mwana akamba ati hafu ni eiti. Aba bakamba naini. Sibayenda."

A Enock anayang'ana mzerewo, n'kuyang'ana mng'ono wawo. Anapukusa mutu pang'onopang'ono, koma sikunali kukana.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero. "Ine ndinafulumira. Koma zikakukulirani, mlamu, musachite manyazi. Mutumize mawu."

Loweruka m'mawa minibasi ya Lastone inaimba hutala pamsewu, ndipo a Enock anakwera okha, ndi kachikwama kawo. Asanapite anagwira dzanja lamanzere la mng'ono wawo, nalankhula naye monga amalankhulira ndi munthu wakumva, za mvula ndi za alongo awo, zimene anali asanachite chifikire.

Tsiku lomwelo Bridget anatenga khala, nalemba pakhoma la khonde manambala onse a m'bokosi, akuluakulu, ndi mawu ake a Chingerezi pambali. Dora ankawaloweza akusenda nyemba, lilime pakati pa mano, ndipo akalakwitsa chidendene chija chinkamenya simenti. Ankatchula kawirikawiri mwa mitundu iwiri, mwa aphunzitsi kuti mwana asadandaule, ndi mwa afita kuti bambo asatsonye. Nelly atamva nkhani yonse anabweretsa njinga yake, nati nayonso yayamba kuvina.

Lolemba m'mawa Dora anamanga dengu pa kaliya. Atamaliza anaimika njinga patsogolo pa khonde, n'kudikira. Hamilton anayang'ana gudumu lakutsogolo, tcheni, kaliya, gudumu lakumbuyo, mosafulumira. Sananene kanthu. Chidendene sichinamenye simenti. Dora anamva bwino lomwe zimene kukhala cheteko kunkanena.

Atagwira mahandulo kuti azipita, dzanja lija linatambasuka, chikhatho kumwamba. Dora anayang'ana bokosi, nadikira nambala. Nambala sinabwere. Anadikirabe, akukumbukira tsiku lija la kuseri kwa nyumba. Kenako anatsamiritsa njinga pakhoma, napukuta dzanja lake pa chitenje, naliika m'menemo.

Zala zinatseka.

Tsiku limenelo anafika mochedwa ku Chanyanya, nsomba zabwino zitatha, ndipo Nelly ananyinyirika njira yonse.